Tchalitchi cha Sopo ku Al Warqa

Pali tchalitchi china ku Jeremani chimene sindinapondemo phazi, koma mutandimanga nsalu kumaso n'kundisiya pakhomo pake, ndikhoza kuyenda mpaka kuguwa osapunthwa. Ndikudziwa pamene denga lake limadontha. Ndikudziwa mwala wa pansi umene umagwedera munthu akaupondapo, ndiponso amene anagona pansi pa mwalawo. Zonsezi ndinaziphunzira ku Dubai, m'nyumba ya eni ku Al Warqa, tsache lili m'manja. Koma nthawi imeneyo mukanandifunsa kuti manda a mayi anga ali mbali iti ya msitu wa kwathu ku Dowa, ndikanangoti kukamwa yasa.

Ndinachoka kumudzi monga amachokera ena onse, kudzera kwa ejenti wa ku Lilongwe wolankhula mokoma ngati wogulitsa mankhwala m'basi. Ana anga awiri ndinawasiya m'manja mwa amayi. M'mimba mwa amayiwo tinatulukamo asanu ndi awiri, ine wachisanu. Atatu anali atatsogola kale kumsitu, ndipo mwa otsalafe mkazi ndinali ndekha. Aliyense wa kwathu akudziwa tanthauzo lake: mayi akadwala, wowasambitsa ndi mwana wamkazi. Amayi anandiperekeza mpaka pa msewu wa tala pa Mponela. Sanalire. Anangondikonza kolala ya bulauzi n'kunena kuti, "Ukamva kuti ndadwala, usadikire kumva kachiwiri." Ine ndinaseka, ndinati mayi inu mumakonda kuopseza anthu.

Titatera ku Dubai anatitsekera m'nyumba ya ejenti wa kumeneko, akazi a mitundu yonse titagona mothithikana pa matilesi a pansi, kudikira wotisankha. Paja ejenti wa ku Lilongwe uja anati ndikukalera mwana. Mwana amene ndinamupeza anali ndi imvi mpaka m'makutu. Madamu anali mzungu wa ku Jeremani, wogwira ntchito mu ofesi ya kampani yonyamula katundu ku Jebel Ali, wochoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Nkhalambayo anali bambo ake. Onse m'nyumbamo ankangoti Opa, ndiye kuti agogo m'chilankhulo chawo, koma ine pakamwa panga sipakanatheka kutchula munthu wa imvi popanda ulemu, choncho ndinkati a Opa. Anandipatsa kachipinda ka pafupi ndi makina ochapira. Pasipoti yanga Madamu anaiika mu sefa, kabati yachitsulo yokhoma ija, tsiku lomwelo, ati kuti isasowe.

A Opa sankaifuna Dubai, ndipo inenso sankandifuna. Moyo wawo wonse anali mmisiri wosema miyala pa kamudzi kena kozizira. Akazi awo anamwalira kalekale, ndipo miyendo itayamba kukana mwana wawoyo anawanyamula ngati katundu n'kudzawakhazika m'chipinda chozizira cha eyakoni. Ankandigenda ndi supuni, ankalavula phala, ankanditukwana m'Chijeremani, ine n'kumawabwezera m'Chichewa ndikumwetulira. Atsikana awiri anali atathawa ine ndisanafike. Nanga ine ndikanathawira kuti, fizi ya ana ikundidikira?

Zinasintha chifukwa cha sopo. Tsiku lina ndinasowa sopo wanga wochapira, wamtali wobiriwira uja, ndipo ndinamupeza pa miyendo ya a Opa atamudula ndi mpeni wopakira batala. Ndinafuna kukalipa, koma nditayang'anitsitsa ndinaona galu. Galu weniweni, atadzipinda, mutu pa mapazi, nthiti zikuoneka. Manja amene ankalephera kufikitsa supuni pakamwa ankasiya kunjenjemera akagwira mpeni. Anandiuza m'Chingerezi chawo chothyokathyoka kuti galuyo sakhala yekha, akufuna mbuye wake, mbuye wakeyo akufuna mkazi, ndipo onsewo akufuna denga. Kuyambira pamenepo ndikapita kukagolosale ka mmwenye pakona ndinkabwerako ndi sopo wodzaza jumbo, mpaka mwini golosale anandifunsa ngati ndikuchapira msewu wonse. Supuni zinasiya kuuluka m'nyumbamo.

Anayamba ndi nsanja ya tchalitchi cha kwawo, chifukwa akuti ndi imene inayamba kumangidwa. Inali nsanja yonenepa, ya ngodya zinayi, yopanda chokongola chilichonse, timazenera take ngati timipata ta khola la nkhunda. Ndinawauza kuti yaipa. Anati sinamangidwe kuti ikongole. Kale nkhondo ikabuka anthu a m'mudzimo ankathawira mmenemo ndi ana ndi tirigu wawo, n'kukokera makwerero m'mwamba. Kenako anamanga chipinda chopemphereramo, khomo lake lozungulira pamwamba ngati theka la lichero. Chakuguwa mazenera anali aatali, osongoka pamwamba, ndipo imeneyo ankaitchula kuti mbali yatsopano. Nditafunsa kuti yatsopano ya liti, anati inamangidwa agogo a agogo a agogo awo asanabadwe. Makoma ankalumikiza ponyowetsa sopo ndi madzi, ine n'kugwirizira mpaka aume. Denga analipanga la katoni kuti lizichotsedwa, munthu aone m'kati.

M'katimo ndi mmene munandidabwitsa. Munadzaza manda. Kwathu manda ali kumsitu, ndipo sulowako wamba ngati ukupita kudimba. Kwawo kwa a Opa eni mudzi, banja limene linali ndi minda yonse ndi anthu olimamo omwe, ankaikidwa m'tchalitchi momwemo, pansi pa denga, pafupi ndi guwa. Bwana wa galu uja anagona chagada pa mwala wake, atavala zachitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, lupanga pambali, mapazi atatsamira pa galuyo. Mkazi wake anagona pambali pake, manja ataphatikiza pachifuwa. Mphuno ya mayiyo inathyoka kalekale, ndipo imene ilipo lero anaisema ndi a Opa ali mnyamata. Ena a banjalo anagona pansi penipeni, miyala yawo n'kukhala popondapo anthu, mpaka mayina anafufutika ndi nsapato. Ndinafunsa kuti nanga olima minda aja ali kuti. Analoza kunja kwa khoma, pa tebulo popanda kanthu. Nanga amene anasema zonsezi, mayina awo ali pati? Anangoseka ndi m'mphuno.

Akazi awo a Opa nawonso anaikidwa kunjako. Mwala wa pamandapo anasema okha a Opa, koma kwawoko manda a anthu wamba ndi a lendi ngati nyumba ya m'tauni. Zaka zikakwana, abale akapanda kuonjezera, mwala amauchotsa n'kuikapo munthu wina. Madamu sanaone chifukwa choonjezera, popeza kumudziko kunalibenso woti azithirira maluwa. Izi a Opa ankanena maso ali pa mpeni, osagwetsa msozi. Lamulungu limene ndinkapuma ndinafotokozera mnzanga Besinati, wa ku Chipata, amene ankalera ana m'nyumba ina mumsewu womwewo. Tinali m'basi yopita kukapemphera ku Jebel Ali. Anaomba m'manja n'kunena kuti azungu ni ofunta, munthu wavutika na lendi moyo wonse, imutsatenso kumanda? Tinaseka mpaka Mfilipino wa pampando wakutsogolo anatembenuka.

Chomaliza kusema chinali chiliza cha pakhoma, kudzanja lamanzere ukamalowa. Chimenecho chinawatengera nthawi yaitali. Panali mayi wina wa banja lomwelo atagwada, ndipo kumbuyo kwake ana ake atagwada pamzere, kuyambira wamkulu mpaka kakhanda ka m'nsalu. Pamwamba pa mitu ya ena panali kamtanda kakang'ono. A Opa anati amenewo ndi ana amene anamwalira mayi wawo akadali moyo. Osema sanawasiye kunja, anawaika pamzere pomwepo, aliyense pamalo pake pobadwira, kamtanda n'kumanena zotsalazo. Ndinkaganiza za atatu athu aja, amene manda awo anali atasanduka kale tchire, ndi mmene amayi akafunsidwa ankayankhira kuti ana ali nawo asanu ndi awiri, osachotserapo ngakhale mmodzi.

Uthenga woti amayi adwala unachokera kwa achimwene anga aakulu, a Lameki, amene ndiwo mwini mbumba kwathu. Sabata yomweyo a Opa anaterereka pa zinyenyeswa za sopo wawo yemweyo, pa matailosi, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ndinapita kwa Madamu ndi manja awiri kukapempha pasipoti. Anati ndaona ndekha mmene zinthu zilili, bambo ake salola munthu wina kuwakhudza, nesi amene anabwera anamuponyera kapu. Anati mwezi wamawa, inshallah. Mawu amenewo, oti Mulungu akalola, anawatola kwa Aluya, koma m'kamwa mwake ankatanthauza kuti iwala. Anandikumbutsanso kuti sopo uja wobwera naye m'nyumba ndinali ine.

Mwezi wamawa unabwera n'kupita. Amayi ankatumiza mawu pafoni ya achimwene, mawuwo akucheperachepera. Sankadandaula za matenda. Ankangofunsa kuti kodi ndege za kumeneko zimauluka masiku anji. Ine ndinkamvera mawuwo kubafa, kenako n'kupukuta m'maso, n'kukasambitsa bambo a munthu wina, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwapaka mafuta kumsana. Mayi anga ankasambitsidwa ndi azilamu anga, anthu amene sanayamwe bere lawo. Besinati anati ndikadandaule ku maofesi a boma, ati kusunga pasipoti ya munthu n'kosaloledwa. Ndikanapita bwanji, nkhalamba ikuitana ndikangotembenuka? Ndipo ntchito ikanatha, mankhwala a amayi omwewo akanagula ndani?

Amayi anamwalira m'mawa wina ine ndikutakasa phala la a Opa. Kumudzi maliro sadikira ndege. Madamu analira nane, zoona, misozi yeniyeni. Kenako anati popeza sindingafike maliro asanaikidwe, bola ndidikire bambo ake ayambe kuyenda kuti ndidzapite bwinobwino. Anandipatsa tsiku lopuma ndi bokosi la chokoleti. Nyimbo za kumanda ndinazimva pafoni imene mwana wanga wamkulu anaikweza m'mwamba, mphepo ikusokosera, uku a Opa akugogoda bedi ndi supuni kufuna poto wodzithandizira, poti iwo za tsiku lopuma sanazimve. Madzulo Besinati anazemba kuntchito n'kubwera kugeti lakuseri atavala chitenje. Tinakhala pansi pa simenti yotentha pafupi ndi mabini a zinyalala, iye akuimba nyimbo ya maliro chapansipansi kuti oyandikana nawo asadandaule. Maliro a mayi anga amene ine ndinakhalapo ndi amenewo. Ndinamuda Madamu. Sindikubisa, ndinamuda, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la mafuta ake pa munthu wina ndimasowa mtendere.

A Lameki anasintha. Kale ankatumiza nkhani zonse za m'mudzi, mpaka za mbuzi ya ndani imene yalowa m'munda mwa ndani. Tsopano ndikatumiza kangachepe ankangoti zafika. Ndikafotokoza za pasipoti ankati tamva. Ndinadziwa kuti kumudzi dzina langa lanunkha, ndipo ndinaona kuti njira yobwerera pakati pa abale anga yatsala imodzi yokha. Chiliza cha amayi ndimange ndine, chimene sichinaonekepo kumsitu kwathu.

Ndinapempha a Opa kuti andisemere chitsanzo. Za imfa ya mayi anga anangoti aliyense amafa, sanali munthu wa mawu otonthoza. Koma sopo anamulandira. Anasema ali chogona, thireyi ili pachifuwa. Za anthu ogwada aja anati amisiri a masiku ano sangawathe, bola mayina okhaokha pamzere, asanu ndi awiri, ndi timitanda titatu. Anandigwira padzanja n'kunena kuti ndimuuze mmisiri wa pa Mponela wodzasema mwalawo asapake penti, penti imapita ndi mvula. Zilembo azicheke mozama, mopendekera m'kati mbali zonse ziwiri, kuti dzuwa likawala mthunzi uzilemba wokha. Ndinajambula kachilizako n'kutumiza pamodzi ndi mawu ofotokoza tanthauzo la kamtanda, ndipo ndinabwerezabwereza kuti amve bwino. A Lameki anayankha kuti, "Tamva, achemwali a ku Dubai." Mwala ndinati ukhale wakuda wonyezimira uja, wogula ku Lilongwe, ndipo kwa nthawi yaitali sindinadzigulire ngakhale silipasi.

A Opa sanayendenso. Iwo atamwalira, Madamu anawawotcha, monga amachitira ena kumeneko, phulusa n'kuliika m'kamtsuko pa shelefu pafupi ndi wailesi yakanema, ati adzapita nalo kwawo akadzapeza mpata. Munthu amene anakonza mphuno za mabwana moyo wake wonse ndinkamupukuta fumbi Loweruka lililonse pamodzi ndi mafelemu a zithunzi. Ndinkati pepani a Opa ndisanawanyamule. Tchalitchi chija Madamu anati ndikataye, chikununkhitsa chipinda. Mwana wa ku Dowa sataya sopo. Bwana wa zachitsulo uja ndinachapira nsalu za pabedi, mkazi wake ndi mphuno yake yomwe anathera pa matawulo, galu ndinatsukira bafa. Nsanja ndiyo inakhalitsa kuposa zonse.

Kontilakiti itatha Madamu anandibwezera pasipoti, ine ndinati khalas, basi zatha, ndipo ndinafika kumudzi mawa lake kuli kuvundukula chiliza. Anandilandira bwino kwambiri, ndipo chimenecho ndi chimene chinandiopsa. Anandipatsa mpando pamene akazi anzanga anali pamphasa. Nditafuna kukathandiza kumoto azilamu anati ayi, alendo apume, utsi ungawaonongere khungu. Ana anga omwe anandipatsa moni atagwada patali ngati ndine mphunzitsi wamkulu. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mawa akaona mwalawo mitima itsika, paja chibale ndi fupa sichiola.

M'mawa mwake tinalowa kumsitu, abusa patsogolo, amayi a mpingo akuimba. Ndinanyamula nkhata ya maluwa a pulasitiki imene ndinagula ku Dubai, imene ndinaifungatira ulendo wonse kuti isaphwanyike. Chiliza chinali chofunditsidwa nsalu yoyera. Abusa atapemphera a Lameki anakoka nsaluyo, ndipo anthu anang'ung'udza mokondwa. Mwala unali wokongola, nanenso mtima unadumpha. Dzina la amayi linali pamwamba, pansi pake mayina athu pamzere, monga momwe a Opa anasemera. Ndinayamba kuwerenga timitanda. Ndinapeza tinayi. Kachinayi kanali pa dzina lachisanu.

Ndinati mmisiri wasokoneza mizere, zimachitika. Koma woyendetsa mwambo ataimirira kuitana ana a malemu kuti adzaike nkhata, anatchula a Lameki ndi achimwene anga ena awiri, n'kupitirira kwa zidzukulu. Palibe anatembenuka kundiyang'ana. Ndinangoima chiimire ndi maluwa anga, nyimbo ikupitirira.

Anthu atayamba kutuluka ndinawakokera a Lameki kuseri kwa mtengo n'kuwauza kuti pamwalapo pali cholakwika.

"Palibe cholakwika, achemwali," anatero, mawu ali pansi, osakwiya n'komwe. "Tsiku lomaliza amayi anafunsa ngati mwafika. Titati ayi, anati basi, ana ndaika anayi, atatu kumsitu, mmodzi ku Dubai. Ife tangolemba zimene ananena eni ake. Za kamtandazo munatiphunzitsa ndinu."

Ndinayamba za sefa, za nkhalamba yothyoka chiuno, koma anandidula. Anati zonsezo anazimva kale kambirimbiri, ndipo amayinso anazimva. Anati ngati kakundipweteka mmisiri akhoza kubwera ndi makina n'kukapala, kungoti pamwalapo padzatsala chipsera. Kenako anatsatira anthu kukadya.

Ndinabwerera pachilizapo, mmodzi wa adzukulu okumba manda akundidikira chapatali, poti mkazi sasiyidwa yekha kumsitu. Nkhata yanga ndinaiika kumapazi, popeza kumutu kunali kutadzaza. Apo m'pamene ndinadziwa mbali imene mayi anga anagonera. Ndinagwada n'kuika chala pa kamtanda kanga. Mmisiri wa pa Mponela uja sanapake penti. Anacheka mozama, mopendekera m'kati mbali zonse ziwiri, ndendende monga ndinalamulira, ndipo dzuwa linali litalembamo kale mthunzi. A Opa akanaona akanati uyu ndiye mmisiri.

Ndinawauza a Lameki kuti asamuvutitse munthuyo ndi makina ake. Sipanapite nthawi ndinali kwa ejenti uja kachiwiri, ndipo lero ndili m'nyumba ina ku Al Warqa komweko, ndikulera mwana weniweni tsopano. Besinati amandinyoza kuti ndine chitsiru, ndikanalola kuti akapale. Ine ndimati kakhale. Tsiku langa likadzafika, kaya lidzandipeza kuno kaya kwina, abale anga sadzavutika kuitananso mmisiri.